Mawaya a Kuchipinda

Rosettenville, Joni
5 Malichi 2023

Nambewe, mayi a Tadala,

Landirani moni wochokera kuno kutali. Ine ndili bwino, thupi silikudandaula. Ndikhulupirira kuti inu, Tadala, amayi ndi amalume anu a Solomoni mukudzuka ndi mphamvu.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pamene foni ndili nayo. Pa WhatsApp munthu amayankha asanaganize, komanso netiweki ya kwa Kalinde imadula mawu pakati mpaka munthu akwere pachulu. Nkhani mwandiuzayi ndi yofunika kuikhalira pansi. Isake, amene amanyamula katundu wa anthu pakati pa kuno ndi kumudzi, azikupatsirani makalata anga.

Mwati dzina lanu latuluka ku koleji ya ntchito zamanja, ndipo mwasankha zamagetsi. Ndakondwa kuti akutengani. Komabe tiyeni tione mfundo. Chaka chatha munkanena za kusoka. Makina osokera akakulakwira amangokubaya chala, pamene magetsi sapepesa. Chachiwiri, m'banja mwathu wamagetsi alipo kale. Zaka zonse ndakhala kunozi ndagwira mawaya m'nyumba zosanja zimene ku Ntchisi konse kulibe. Mlimi wanzeru sabzala mbewu imodzi m'minda yake yonse. Sindikukuletsani. Ndangoyala mfundo, inu muone.

Ngati mupitabe, ndakutumizirani buku langa la zamagetsi lachikuto chobiriwira. Mitu itatu yoyambirira ikukwanani. Kutsogoloko kuli masamu olemera.

Tsopano za nyumba yathu. Mmisiri asayambe pulasitala. Mapaipi odutsamo mawaya amalowa m'khoma khomalo lisanamatidwe, ndipo ndidzaika ndine. Zoti mapolo a magetsi afika kwathu ndazimva, koma takhala tikuzimva kuyambira Tadala ali kumbuyo. Njerwa anaumba ena, malata anakhoma ena, ine ndinkangoona zithunzi. Mawaya okha ndikufuna adutse m'manja mwanga.

Fodya musapereke kwa mavenda apanjira, ngakhale abwere ndi mawu okoma. M'katundumu muli nsapato za Tadala ndi mafuta ophikira. Mafuta kuno akweranso, muwasunge.

Mwamuna wanu,
Elifala


Rosettenville
18 Juni 2023

Nambewe,

Moni nonse kumeneko. Kuno kwazizira koopsa, kuposa Juni wa kuphiri la Ntchisi, koma chifuwa chimene ndinali nacho chatha. Amayi miyendo ija ikuwalola kupita kumunda?

Ndamva kuti mwakhala woyamba m'kalasi, kuposa anyamata onse. Zikomo kwambiri. Mayeso a teremu yoyamba amakhala ofewa kuti ophunzira asathawe. Sindikunyoza, ndi mmene masukulu amachitira. Mwatinso buku lija mwalimaliza lonse. Kuwerenga ndi kumvetsa ndi zinthu ziwiri, koma ndi bwino kuti mwayesa. Funso lanu la m'mutu wachisanu ndi chiwiri ndidzayankha ndikapeza mpata.

Chithunzi chanu cha ovolosi ndachiona. Ndinalakwitsa kumuonetsa Trust wa ku Nachisaka, amene ndimakhala naye chipinda chimodzi. Anachiyang'anitsitsa n'kunena kuti, "Achimwene, alamu ovolosi yawakhala kuposa inu. Mukabwerera muzikawanyamulira chikwama cha zipangizo." Ndinamuuza kuti ovolosi ndi nsalu chabe. Iye anati, "Eya, nanga mwaikulitsiranji pafoni kanayi konse?" Trust sukulu analekera Sitandade 6 ndipo amaona ngati chilichonse ndi nthabwala.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikupempha. M'denga musamakwere. Muli kutentha, mileme ndi misomali yotulukira. Komanso munthu akakhala pamakwerero, pansi pamakhala anthu oyang'ana m'mwamba. Inu ndinu mayi wa Mvano, ndipo pakamwa pa anthu a kwa Kalinde mukupadziwa. Za pansi gwirani, za m'mwamba asiyireni anyamata.

Isake akubweretserani katoni. Muli masoketi, maswichi ndi mipukutu iwiri ya waya wabwino, osati wa pamsika umene umatentha ngati ulusi. Ndagula pang'onopang'ono miyezi yonseyi. Muike kuchipinda, pansi pa bedi, ndipo musatengeko kanthu kupita nako kusukulu. Ndi za nyumba yathu.

Musamaganize kuti kuno kumawala nthawi zonse. Magetsi akuzima kangapo patsiku, ndipo abwana akutipitikitsa ndi ntchito za sola. Masiku ano popita kuntchito ndimazungulira njira yaitali. Pali magalimoto ena amene mlendo safuna kukumana nawo pamphambano. Si nkhani yoti muziganizira.

Tadala awerenge, asamangosewera fulaye.

Elifala


Rosettenville
22 Okutobala 2023

Nambewe,

Ndili bwino. Ndikhulupirira kuti kutentha kwa mwezi uno sikunakudwalitseni, inu ndi mwana.

Mwalemba kuti sukulu yakutumizani ku Madisi kukaphunzira pantchito penipeni, ndipo pakati pa sabata muzigona kwa azakhali anu. Zimenezo ndi zomveka. Chimene simunalembe ndi dzina la mwini ntchitoyo. Ndalimva kwa mchemwali wanga Faines. Ndi Gideoni.

Gideoni ndinaphunzira naye ku sekondale. Ankakhala kumbuyo kwanga pabenchi, ndi pamayeso a sayansi pomwe. Titamaliza Fomu 4 iye anapita kukaphunzira ntchito zamanja, ife tikumuseka kuti wapita kusukulu ya olephera. Ine ndinakwera basi ya ku Joni. Lero ali ndi shopu, njinga yamoto ndi chiphaso cha boma chomulola kuika magetsi m'nyumba za anthu. Izi ndi zoona ndipo sindikuzikana. Ndamvanso kuti banja lake linatha chaka chatha. Chimenechi sindikuchilumikiza ndi china chilichonse, ndangochilemba.

Pa tsamba la shopu yake la Facebook pali chithunzi. Inu muli pamwamba pa makwerero, mutu uli m'denga. Iye ali pansi, wagwira makwerero. Kugwira makwerero ndi lamulo la chitetezo, ndikuvomereza. Koma wogwira makwerero amayang'ana miyendo ya makwerero, kuti isaterereke. Chithunzicho ndachiyang'ana modekha, ndipo maso ake sali kumeneko. Za m'denga ndinanena kale mu Juni.

Musaganize kuti ndi nsanje. Nsanje ndi ya anthu osowa umboni. Ine ndikungofotokoza zimene zikuoneka.

Tsopano za katoni. Mwati munaitsegula, ndipo masoketi anga ndi a maso ozungulira, pamene kwathu mapulagi ndi a mano amakona, choncho oyendera nyumba akhoza kuwakana. Ndifunse: mawu amenewa ndi anu kapena a Gideoni? Kuno dziko lonse, migodi ndi mafakitale omwe, likuyendera maso ozungulira. Wailesi, ketulo ndi firiji zimene ndidzabwere nazo ndi za mano ozungulira. Nyumba ndi yanga, ndipo idzadya zimene mwini wake wabweretsa. Katoniyo muitseke, muibwezere pamene inali.

Feteleza mugule mwezi uno asanakwerenso. Ndalama yake ndamupatsa Isake. Yachepa poyerekeza ndi ya chaka chatha, chifukwa masabata ena sitinagwire ntchito.

Mwamuna wanu,
Elifala


Rosettenville
14 Januwale 2024

Nambewe,

Chaka chabwino kwa inu nonse. Ine ndalowa chakachi ndili wamoyo. Ndamva kuti chimanga chamera bwino kumtunda, koma kudimba madzi alowa.

Ndiyambe ndi ya njinga. Faines anakuonani pa Mponela muli kumbuyo kwa njinga ya Gideoni. Inu mwati minibasi sizinkadutsa chifukwa cha matope. Ndafunsa Isake, wavomereza kuti msewu unali woipadi sabata imeneyo. Ndiye nkhaniyo yatha. Ndikungofuna kudziwa kuti pamsewu woterera, munthu wokhala kumbuyo amagwira pati.

Tsopano yaikulu. Mapolo afikadi kwa Kalinde, ndaona zithunzi. Ndinalakwa kuganiza kuti ndi mphekesera. Mukuti muike nokha mawaya m'nyumba yathu, Gideoni adzayese ndi kusainira, kuti tikhale m'gulu la oyamba kulumikizidwa. Mukuti ntchitoyo ikuthandizaninso pa mayeso anu omaliza.

Yankho langa ndi lakuti ayi, ndipo nazi zifukwa.

Wosainira sasainira ali pabwalo. Amalowa chipinda chilichonse, kutsegula soketi iliyonse. Soketi ya kuchipinda ili kumutu kwa bedi, ndinajambula ndekha pa pulani. Kwathu kuchipinda kwa munthu wokwatira ngakhale mchimwene wake weniweni salowako. Kodi mwambo umenewu watha chifukwa mapolo afika?

Ine kwa Kalinde ndine mkamwini. Munda ndi wanu. Dothi limene nyumba yakhalapo ndi la amalume anu. Tadala yemwe, pakavuta, adzati ndi wa mbumba yanu. Zonsezi ndinazidziwa pokwatira ndipo sindidandaula. Koma changa chenicheni pamudzipo ndi chitseko cha kuchipinda. Ndachoka kwathu, ndikugona pansi m'dziko la eni, kuti chitseko chimenecho chikhalepo. Gideoni sadzachitsegula ine ndili kuno.

Chachiwiri ndinanena kale m'kalata yoyamba. Mawaya a nyumba imeneyo ndi anga. Mwaphunzira miyezi khumi. Ine ndayamba kugwira waya inu musanadziwe kusiyanitsa wofiira ndi wakuda.

Ndibwera pa Pasaka. Sabata imodzi indikwanira. Mukandidikira simutaya kanthu, magetsi sathawa. Za mayeso anu, nyumba zopanda mawaya kumeneko ndi zambiri.

Ndalemba mosapsa mtima. Muwerengenso kawiri musanayankhe.

Elifala


Rosettenville
21 Epulo 2024

Nambewe,

Moni. Zilembo zapotokazi musadabwe nazo, ndikulemba ndi dzanja lamanzere.

Pasaka sindinabwere, mwaona kale. Gilayinda imene timadulira makoma inandipulumuka m'manja. Isake akakuuzani zambiri, muchotsepo theka, amakonda kukometsa nkhani. Zala zonse zilipo. Abwana ananditula pageti pa chipatala n'kunena kuti, "Malawi, ukanene kuti wavulalira kunyumba." Ndinanena zomwezo. Kwa munthu amene mapepala ake ali ngati angawa, mafunso ochepa ndi abwino.

Isake akakuuzaninso kuti anandipeza nditayera fumbi, ndikukumba mizere m'khoma, mawaya akulumikiza ena. Pantchito yaikulu aliyense amagwira chimene chilipo tsiku limenelo. Iye anafika tsiku loipa.

Kalata yanga ya Januwale munaiyankha ndi mawu awiri pafoni: "Ndamva bambo." Ndinakonzeka kuti titsutsane. Ndinali ndi mayankho a mfundo zanu zonse. Mawu awiriwo ndawawerenga kambiri, ndipo palibe powagwira. Kuchokera pamenepo mumangondiuza za nkhuku ndi mitengo ya soya. Za sukulu simunenanso. Kodi mayeso ndi liti? Mukukonzekera ndi ndani?

Mwezi uno sinditumiza kanthu. Mugulitse soya, koma musiyeko wa mbewu.

Dokotala akuti bandeji achotsa posachedwa. Ndikachira ndiona za ulendo.

Elifala


Rosettenville
28 Julaye 2024

Nambewe,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine bala lapola. Zala ziwiri sizikupindika mpaka kumapeto, koma ndabwerera kuntchito. Andipatsa tsache ndi wilibala kaye.

Mwakhoza mayeso. Ndamva kwa Faines, osati kwa inu. Ndamvanso kuti nyumba ya amayi anu munaika mawaya ndinu, ndi ya aphunzitsi aakulu, ndi tchalitchi chomwe. Akuti tsiku loyatsa abusa anakuimiritsani kutsogolo, amayi a Mvano n'kululutira. Ndi amayi omwe aja ndinkaopa kuti akunenani. Zikomo, mwachita bwino. Faines akuti Gideoni anakhala benchi yakutsogolo. Tchalitchi chake ndi cha ku Madisi, koma pakhomo la Mulungu sabweza munthu.

Lamlungu lapitali amalume a Solomoni anandiimbira. Atatha moni anati, "Akamwini, tikuthokozeni. Nyumba yanu ikutithandiza kulozera alendo njira." Ndinafunsa kuti bwanji. Anati, "Timangoti, mukaona nyumba yaikulu yamalata yamdima, mukhotere kumanja." Anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anati, "Mwana wathu wayatsa mudzi wonse, iye akugona ndi tochi. Ife sitilowerera za kuchipinda kwa eni. Tangoti tikupatseni moni."

Tadala naye ndinalankhula naye. Akuti masiku ano amagona kwa agogo ake, chifukwa kumeneko kuli babu lowerengera. Chimenechi simunandiuze. Ndiye kuti m'nyumba monse muja mumagonamo nokha.

Ndinamufotokozera Trust, osati kufuna nzeru, kungolankhula. Iye anali akusita malaya. Anati, "Achimwene, inu ndi anzeru, mabuku mwawerenga. Koma ndithandizeni apa. Munakana kuti munthu alowe masana, ndi tesita yoyezera magetsi m'manja, mudzi wonse ukuona. Ndiye mwasiya nyumba imodzi yokha pamudzi imene munthu angalowe usiku osaonedwa ndi aliyense. Masamu ake ndi ati?"

Ndinamuuza kuti mkazi wanga si wotero. Anati, "Nanga ngati si wotero, masana mumaopa chiyani?"

Ndinavala nsapato n'kutuluka, chifukwa ndinali kuchedwa kuntchito.

Tsiku lomwelo ndinafunsa abwana za mayeso a ntchito, kuti nanenso ndikhale ndi pepala. Si koyamba kufunsa. Anandiyang'ana dzanja, kenako anati, "Pepala limafuna pepala linzake, Malawi. Ubweretse kaye la ku Home Affairs, lokulola kukhala m'dziko muno." Basi anaimba foni.

Musayankhe kalata ino. Ndikuganiza kaye.

Elifala


Rosettenville
1 Seputembala 2024

Nambewe, mayi a Tadala,

Moni kwa inu, kwa mwana, kwa amayi ndi kwa amalume, ngakhale amandiseka. Ine ndili bwino. Mphepo yozizira yayamba kutha.

Ndakhala ndikuyala mfundo monga ndimachitira, ndipo zatuluka motere. Ndinayesa kufinya pulayasi, waya sunaduke. Dokotala akuti mwina mphamvu idzabwerera, mwina ayi. Ngakhale itabwerera, ine chiphaso ndilibe, kuno kapena kwathu. Ndikanaika ndekha mawayawo, pakanafunikabe wina wodzasainira. Ndinaganiza zopeza wina wa pa Boma m'malo mwa Gideoni. Ndafufuza. Nayenso ndi mwamuna, ndipo sangasainire ntchito ya munthu amene sakumudziwa popanda kuigwira yekha. Ameneyo angakhale kuchipinda tsiku lonse. Gideoni ntchito yanu amaikhulupirira, ndiye sangachedwemo. Ndalemba chiganizo chimenechi ndipo sichinandikomere.

Isake akubweretserani chikwama changa chakuda. Muli mita yoyezera magetsi, mapulayasi awiri, masikuludiraiva a zogwirira zofiira ndi lamba wake. Ndinagula chimodzi ndi chimodzi kuyambira chaka chimene ndinafika, kusungira tsiku la nyumba yathu. Zambiri sizinagwirepo ntchito. Mita musabwereke munthu. Mukudziwa amene ndikunena.

Ikani mawaya m'nyumbamo. Koma pali zoyenera kutsata.

Kuchipinda mugwire nokha, kuyambira paipi mpaka chivundikiro cha soketi. Tsiku loyesa likhale masana, Loweruka, anthu ali pamudzi. Bedi mulitulutse pabwalo kaye, pamodzi ndi sutikesi ya zovala zanu. Chipinda chopanda bedi ndi chipinda wamba, ndaliganizira bwino. Gideoni alowe ndi amalume a Solomoni, chitseko chili chotsegula, ayese, atuluke. Tiyi amwere pakhonde.

M'denga mukwere ndinu. Iye asakweremo, denga ndi langa. Makwerero agwire amalume.

Pakhomo lakutsogolo muike babu lamphamvu, lina kuseri kwa nyumba, ndipo aziyaka mpaka kucha. Mayunitsi ake ndizilipira ine. Tadala abwerere kwawo.

Masoketi a maso ozungulira aja mumupatse Isake abwere nawo, Trust wapeza wowafuna. Mugule a kwathu. Musiyeko imodzi yokha pansi pa bedi, sikudya kanthu.

Za kubwera kwanga sindilonjezanso mwezi. Ndikafika, funso lanu lija la m'mutu wachisanu ndi chiwiri mudzandifotokozere mmene munapezera yankho lake.

Tsiku loyatsa musanditumizire chithunzi cha babu. Mababu ndawaona ambiri. Munditumizire cha bokosi la maswichi aakulu, musanalitseke, ndione mmene mwayalira mawaya ndi mmene mwamangira. Mujambule pafupi, pakuwala bwino, m'chithunzimo musaoneke dzanja la munthu wina. Faines akuti ntchito yanu ndi yoyera ngati mizere ya m'munda wa fodya. Mwina cholakwika sindichipeza, koma mundilole ndifunefune.

Mwamuna wanu,
Elifala